Bogi ya Dongo ya a Paterson

Mmawa wina wa Lolemba, m'kanyumba kawo ka lenti ku Barking, mayi Etta ankasita yunifolomu ya amuna awo uku akuyang'ana envulopu yaikulu yakhaki imene inali pamwamba pa furiji. Inali itakhala pamenepo masabata atatu. Pamwamba pake anali atasanjikapo kale paketi ya mpunga, makiyi akale ndi kabotolo ka mankhwala opaka msana, koma envulopuyo inali yomatabe monga mmene inabwerera.

"Bambo a Luntha, envulopu ija mutsegula liti?"

"Ndikudziwa kale zimene zili mmenemo," anayankha a Paterson akumanga zingwe za nsapato.

Ha! Mawu amenewo mayi Etta anali atawamva kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za banja lawo, mpaka makutu anachita kuzolowera. Atangofika kumene mu London, a Paterson anakwera sitima yolowera kwina kawiri tsiku limodzi chifukwa njira ankaidziwa kale. Makina ochapira anawalumikiza okha osatsegula kabuku kake, madzi n'kudontha mpaka kwa aneba a chipinda chapansi. Sikuti anali munthu woipa, ayi. Anali wachifundo, wosamwa, wolimbikira ntchito, ndipo pa matabwa manja awo anali odalitsika zedi. Vuto linali limodzi basi, funso silinkatuluka pakamwa pawo.

Kumudzi, a Paterson anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ku Limbe, akukhoma matabwa a mabogi a sitima. Kuno ku London mapepala awo aumisiri palibe anawayang'ana kawiri. Pamene mayi Etta anapeza ntchito ya unamwino kuchipatala, iwo anathera kunyumba yosamalira okalamba, kunyamula nkhalamba kuchoka pabedi kupita pampando, kuchoka pampando kubwerera pabedi, zaka khumi ndi ziwiri. Msana unali utayamba kukana. Madzulo alionse mayi Etta ankawapaka mankhwala, ndipo monga namwino ankadziwa bwino kuti msana umenewo sungapirire zaka zina ziwiri.

Tsono mwayi unawapeza pamalo amene palibe ankayembekeza. Kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, kufupi ndi mtsinje, kunali kabungwe ka anthu okonda sitima zakale. Anali ndi shedi imodzi, kanjanji kafupi ndi mabogi angapo adzimbiri omwe ankawakonza Loweruka lililonse mongodzipereka. A Paterson ankapitako, ndiponso Mmalawi mnzawo wa kutchalitchi, a Biswick Mbewe, kalipentala wofatsa, wogwira ntchito pang'onopang'ono, yemwe ankafunsa mafunso mpaka anthu kutopa naye. Wapampando wa kabungweko anali mayi Peggy, mzungu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wolankhula mosapsatira.

Chaka chimenecho kabungwe kanapeza thandizo loti kalembe mmisiri mmodzi wa matabwa, wapamwezi, kwa zaka zitatu. Mayi Peggy anaitana a Paterson n'kuwaonetsa bogi imene ankaikonda kuposa zonse. Inali yaifupi, yamatayala anayi, yamatabwa asanu kuchoka pansi kufika pamwamba. Pamwamba pake panadutsa chitsulo chachitali chogwirira lona wabuluu kuti aime ngati denga, mvula isalowe. Mabogi otere ankanyamula dongo loyera, lija amapangira mbale zadothi ndi mapepala osalala, kuchoka kumigodi ya kutali kumwera chakumadzulo kupita kudoko. Bambo awo a mayi Peggy anakalambira pa ntchito yotsitsa dongo limenelo. Koma tsopano bogiyo inali chigoba. Matabwa apansi anali atatheratu, ndipo khoma la kumapeto kumodzi linali litawola n'kugwera mkati, pamodzi ndi zitsulo zake.

"Mukaimaliza pofika tsiku lathu la alendo mu Sepitembala, komiti ikaona, ntchito ija ndi yanu," anatero mayi Peggy. "Biswick achita matayala, mabuleki ndi penti. Ine ndikukachitidwa opaleshoni ya chiuno, sindioneka kuno miyezi iwiri. Mapulani ake ali mu envulopu umu. Muwawerenge, Paterson, chifukwa bogi iyi si ngati zinzake, ili ndi..."

"Musadandaule, mayi," anawadula a Paterson. "Mabogi ndakonza mazanamazana."

Basi envulopu ija inabwera kunyumba n'kukwera pafuriji.

Kunena zoona, munthuyo anagwira ntchito. Tsiku lililonse lopuma, kaya akaweruka shifiti ya mmawa, ankakwera basi kupita kushedi kuja. Anayala matabwa apansi mopingasa, kuchoka mbali iyi kufika mbali iyo, monga ankachitira ku Limbe. Zitseko ziwiri za m'mbali anazikonza mpaka zinkatseguka ndi chala chimodzi. Atafika pa khoma lakumapeto lija, anatola zitsulo zinagwera mkati zija, mpiringidzo wautali, mahinjesi atatu akuluakulu ndi zikhomo ziwiri zomangidwa pa timatcheni, n'kuzitembenuza uku akupukusa mutu.

"Taonani umbuli wa anthu," anauza a Biswick. "Wina anatenga zitsulo za geti ya kumunda n'kudzazigamba pano."

"Kodi achimwene, sizingakhale za bogi yomweyi? Dzimbiri lake likufanana ndi la zitsulo zinazi. Bwanji tione kaye pa mapulani paja?"

"Iwe Biswick, ntchito yako ndi matayala. Za matabwa undisiyire ine."

Anaziponya m'chibini chachikulu cha zinyalala, phokoso lake n'kumveka shedi yonse. Kenako anakhoma khoma lakumapetolo ndi matabwa asanu okhuthala ndi mabawuti makumi atatu, lolimba loti ngakhale njovu singaligwedeze. Azibambo ena a kabungweko anali otanganidwa ndi injini yawo yakale kumbali ina, ndipo mbali ya bogi imeneyo inali yoyang'ana kukhoma la shedi, choncho palibe anaona.

Madzulo amenewo a Paterson anafotokoza nkhani ya zitsulo za geti uku akuseka. Mayi Etta sanaseke nawo. Amuna awo atalowa kukasamba, anakwera pampando, anachotsa mpunga ndi makiyi, n'kung'amba envulopu ija.

Mayi Etta si kalipentala, koma maso ali nawo. Pa pepala loyamba khoma lakumapeto linajambulidwa litatseguka, likulendewera kuchokera pamwamba pa mpiringidzo, ndi muvi woloza kunja. Pa pepala lachiwiri mizere ya matabwa apansi inayenda mulitali, kuloza komwe kunali muviko. Ndiye panali chithunzi chakale: bogi yotereyi itapendekeka ngati wilibala pamwamba pa sitima yapamadzi, dongo likukhuthuka kudzera kumapeto. Pansi pake mayi Peggy analemba ndi cholembera chofiira kuti zitsulo za chitseko zisamalidwe, chifukwa sizigulitsidwa kwina kulikonse.

Anayala mapepalawo patebulo pakati pa mbale za chakudya.

"Bambo a Luntha, bogi yanu ija ili ndi chitseko kumapeto."

"Nanga envulopu ya eni ake mwatseguliranji?"

"Ndatsegula chifukwa inu mwakanika. Taonani apa."

"Mayi a Luntha, inu mumadziwa jakisoni, ine ndimadziwa mabogi. Bogi imatsegukira m'mbali. Chitseko kumapeto, kuti katundu azigwera panjanji? Zojambulazi amajambula ndi anthu a muofesi omwe sanagwirepo sowo."

"Si chojambula ichi, ndi chithunzi! Tangoyang'anani kamodzi kokha!"

Anakweza chithunzicho mpaka pamphuno pa amuna awo. Ndipo mukudziwa chimene anachita a Paterson? Anatsinzina maso n'kunena kuti, "Tiyeni tipempherere chakudya." Anapemphera pemphero lalitali, lotchula odwala, apaulendo ndi atsogoleri a dziko, mpaka ndiwo zinazizira. Mayi Etta anakhala chigwirire chithunzicho, osadziwa ngati alire kapena awamenye nacho pamutu. Atati ameni, a Paterson anasonkhanitsa mapepala aja osawayang'ana, n'kuwabweza pafuriji.

Kawiri konse mayi Etta anatsegula foni kuti aimbire mayi Peggy, kawiri konse anaitseka. Munthu ali pabedi la kuchipatala, ukamuuze kuti mwamuna wako akuwononga bogi ya bambo ake? Komanso kumeneko kukanakhala kuvula amuna awo pamaso pa amene akufuna kuwalemba ntchito. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi ku Peckham anakokera a Biswick pambali, koma iwo anangotambasula manja.

"Alamu, ine ndinafunsa. Anandiuza kuti ntchito yanga ndi matayala. Aja ndi akulu anga, ndingawatani?"

Mayi Etta anayesa njira yomaliza. Anapempha amuna awo kuti ayese kaye bogiyo tsiku la alendo lisanafike, aikemo ngakhale mchenga, aone ngati ukutuluka. A Paterson anati kuyesa n'kwa ophunzira. Mmalo mwake anaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza n'kuitana mpingo wonse kuti udzaone mmene Mmalawi waukitsira bogi imene inawakanika azungu. Anthu anawomba m'manja. Mayi Etta anangowerama, nkhope ili m'buku lanyimbo.

Loweruka la alendo lija linafika, kunja kutawala bwino. Anthu a kutchalitchi anabwera okwana makumi atatu, amayi atavala zitenje pamwamba pa majekete, mafoni ali mmanja. Panalinso makolo ndi ana a m'deralo. Bogi inakankhidwira panja, ndipo tisanamizane, inali yokongola. Matabwa analumikizana moti sungalowetse lumo pakati, penti ya a Biswick inkanyezimira, lona wabuluu atakhala bwino pachitsulo chake n'kulendewera uku ndi uku mpaka kuphimba kumapeto. Mmawa womwewo a kabungwe aja anali atathiramo dongo loyera lobwereka kwa anthu ena oumba mbale, loti libwezedwe pofika folo koloko. Pambali panaima galimoto ya kireni, yoti inyamule mbali imodzi ya bogi kuti alendo aone mmene dongo linkakhuthukira m'sitima kalelo. A Paterson anaiona kireniyo n'kuganiza kuti yabwera chifukwa cha injini ija. Anali mu suti yawo yakuda ya paukwati wa mwana wawo Luntha, akugwirana chanza ndi aliyense.

Mayi Peggy anafika mochedwa pa takisi, akuyenda ndi ndodo ziwiri. Ataona bogiyo anaima, maso n'kulengeza misozi. Anasisita matabwa a m'mbali n'kunena kuti ngakhale ili yatsopano sinali yokongola chotero. A Paterson anatembenukira kwa akazi awo n'kukweza zikope. Mayi Etta anayang'ana kumbali.

Kenako mayi Peggy anatulutsa m'chikwama kanyundo kakang'ono, chogwirira chake chitada ndi ukalamba. Anauza anthu kuti kanali ka bambo awo, ndipo ntchito yake inali imodzi: kugogoda zikhomo ziwiri kuti chitseko chakumapeto chimasuke bogi ikamapendekeka. Anatsimphina mpaka kumapeto kwa bogi, anthu onse akuwatsatira, n'kukweza lona.

Anayang'ana kumanja. Anayang'ana kumanzere. Anatsimphina ulendo wonse kupita kumapeto enawo, poganiza kuti mwina bogi yaima chotembenuka, n'kubwerera.

"Paterson, chitseko chili kuti?"

"Zitseko zili m'mbali, mayi. Ziwiri, ndipo zonse zikutseguka bwinobwino."

Mayi wina wa kutchalitchi anati "Mayo ine!" motsitsa, koma aliyense anamva. Woyendetsa kireni anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati anyamule. Mayi Peggy anamuuza kuti azimitse injini, palibe chonyamula, pokhapokha ngati akufuna kuti dongo lidutse pamwamba pa khoma n'kukwirira alendo.

Munthu wina akanapepesa pomwepo. Koma a Paterson! Anavula jekete, anatsegula chitseko cha m'mbali, anatenga fosholo n'kulengeza kuti nkhani yaing'ono ngati imeneyi isatayitse anthu nthawi, dongolo alitsitsa okha m'mphindi khumi. Anakwera. Pamwamba zinkayenda. Atafika pansi n'kuyamba kukankhira dongo lakumapeto kuti libwere pakhomo, fosholo inayamba kukodwa pa mlumikizano uliwonse wa matabwa awo opingasa aja. Gwa! Akankhe pang'ono, gwa! Dongo lokhalo linkakanirira m'mizere, osatsetsereka. Mayi Peggy anasuzumira mkati n'kupuma mozama.

"Ndi apansinso mwawapingasa. Amayenda mulitali, Paterson, kuti dongo lizitsetsereka lokha. Ndinalemba."

Mphindi khumi zija zinasanduka maola awiri. Makolo anatenga ana awo kupita kukaona injini. A mpingo anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi shifiti. A Biswick anatenga fosholo ina n'kukwera kukawathandiza. Pamene a Paterson ankatsika, anali oyera kuyambira tsitsi mpaka nsapato ngati munthu wa kuchigayo, dzanja limodzi lili pamsana. Mayi Etta anaona mmene anatsikira, mwendo umodzi kaye kenako unzake, ndipo mkwiyo wawo unasakanikirana ndi chisoni.

"Chabwino," anatero mayi Peggy anthu atatha. "Matabwa amazulidwa. Zitsulo zija mwaziika kuti?"

A Paterson anayang'ana komwe kunkakhala chibini chija. Chinali chitatengedwa kalekale mu Julaye. Mayi Peggy anamvetsa. Anakhala pabokosi, kanyundo ka bambo awo kali pamiyendo.

Apa ndi pamene a Biswick anatsokomola, anazungulira kuseri kwa shedi, n'kubwera akukankha wilibala. Mkati munali thumba la chiguduli. Atalimasula, munali mpiringidzo uja, mahinjesi atatu ndi zikhomo ziwiri pa timatcheni take, zonse zitapalidwa dzimbiri n'kupakidwa girisi.

"Pepani achimwene, ndinazitola tsiku lomwe lija," anatero osayang'ana a Paterson. "Sindinkadziwa ntchito yake. Ndiye ndinaona kuti chinthu chimene sindikuchidziwa sindingachitaye."

Mayi Peggy anagwira chikhomo chimodzi n'kuchisisita. Kenako anadzutsa mutu.

"Paterson, manja ngati anu sindinawaonepo pabwalo lino, ndipo sindikukunamizani. Koma tili ndi mabogi ena asanu ndi imodzi, iliyonse ndi khalidwe lake, ndipo ine sindingakhale pano tsiku lililonse. Sindingawasiye mmanja mwa munthu amene satsegula envulopu. Ndikauza komiti kuti ntchito ipite kwa Biswick. Mukafuna kumabwera Loweruka kudzamuthandiza kuzula khoma limeneli, khomo ndi lotsegula."

Pa basi yobwerera kunyumba a Paterson ndi mayi Etta anakhala moyandikana. Mpando umene anakhalapo a Paterson unayera. Mayi Etta anali ndi mawu okwana mtanga, omwe anawasunga miyezi iwiri yathunthu, koma atayang'ana manja a amuna awo, matuza ataphulika ndi fosholo, anawameza onse.

Lolemba mmawa mayi Etta anaimika tebulo lositira pamalo pake pa masiku onse n'kuyala yunifolomu ya kunyumba ya okalamba ija. Atakweza maso anaona kuti pafuriji pangotsala mpunga ndi makiyi. A Paterson anali patebulo, magalasi ali pamphuno, mapepala atawayala onse, chala chikutsatira mizere ya matabwa mulitali.

"Mayi a Luntha," anatero motsitsa, "kodi muvi uwu ukusonyeza kuti chitseko chimatsegukira kunja?"

Linali funso loyamba lofunadi kudziwa limene mayi Etta anamva pakamwa pa amuna awo m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo linabwera ntchito itapita kale kwa wina. Anaika simbi pansi, anawayankha kuti inde, chimatsegukira kunja, kenako anawapatsa yunifolomu yawo ikadali yofunda ndi kabotolo ka mankhwala a msana kuti aike m'thumba, chifukwa basi inali itatsala mphindi zisanu ndipo nkhalamba khumi ndi zinayi zinkadikira munthu wozidzutsa pabedi. Anawayang'ana pawindo akutsika masitepe pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana, ndipo anapukusa mutu n'kunena okha mawu amene akulu akale ananena asanaione n'komwe sitima: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.